Katundu wa a Yotamu Ali ku Boma

Elube mwana wanga,

Ndakhala pakhonde chitsikire iwe kudambo kukachapa, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe. Dzulo ndinayesa kukuuza pakamwa, koma unangoti, “Ndamva, bambo,” maso ali pa mtedza umene unkasenda. Ndimakudziwa. Ukavomera msanga chotero ndiye kuti mtima uli kwina. Pepala ili ukaliwerenge mawa pa Mpingu kwa azakhali ako, utapumula, mapazi ali m'madzi ofunda.

Ndikadakonda kupita nawe, koma bondo langali lakana. Kuchoka kuno ku Namitete ndingathere pa Msundwe, n'kukhala katundu wina woti usenze. Atsibweni ako a Filimoni akwanira. Ndiwo anali ankhoswe ako, ndipo pabwalo mawu a nkhoswe amalemera kuposa a bambo wobereka.

Ndiyambe ndi kuika nkhani yako pamalo amodzi, kuti ukaima pamaso pa Bwana Disi, mzungu woweruza wa ku Boma, usakayambire pakati. Unakwatiwa ndi a Yotamu mu mpingo, anthu akuona. Munabereka Gideoni. Mwanayo akukwawa, amuna ako anapita ku Halale kukafuna za msonkho ndi zofunda, monga apitira anyamata ambiri a kuno. Poyamba ankalemba, kenaka anangoti zii. Dzinja lathali tinamva kuti anamwalira ndi chibayo. Tinalira, tinameta, ndipo abale awo anakusudzula mwaulemu. Tsopano mesenjala wabwera kudzati katundu wawo wafika ku Boma ku Lilongwe: bokosi la zovala, njinga ndi makina osokera. Oufuna muli atatu. Pali iwe, pali alamu ako a Sandalamu, akulu awo a malemu, ndiye pali mayi wina amene wabwera ndi katunduyo kuchokera ku Halale, ali ndi kamwana kakakazi kumsana. Nkhani ndi imeneyi. Ukainene motere, mosathamanga, ndipo ukafika pothera, ukaleke.

Ine ndinaimapo pamaso pa Bwana ndili mnyamata, nditangoyamba kumene uphunzitsi. Atsibweni anga atamwalira anasiya mfuti ya gogodera, ndipo Boma linafuna kudziwa amene adzaisunge. Abale anatuma ine poti ndinali wodziwa kuwerenga. Ndinabwereka jekete kwa mphunzitsi mnzanga ndi nsapato kwa kapitawo wa pa esiteti ya fodya. Nsapatozo zinali zazing'ono. Ndinazinyamula paphewa njira yonse n'kukazivalira pa mlatho wa Lilongwe, ndipo pamene dzina langa linkaitanidwa, maganizo anga onse anali ku zala za kumapazi. Choncho iwe ukavale zimene thupi lako likuzidziwa. Nsalu yako yakuda ija ndi yabwino, bola ikhale yochapa. Azakhali ako akafuna kukubwereka diresi lawo la pa Khirisimasi, ukathokoze n'kulisiya.

Za nsapato zinali zochepa. Womasulira atayamba kundifunsa m'chinenero chathu, ine ndinamukwezera dzanja kuti aleke, ndikufuna Bwana aone kuti ku Namitete kulinso anthu ophunzira. Bwana anandiyang'ana, n'kuyamba kulankhula Chizungu chake chenicheni, chotulukira m'mphuno, chosiyana ndi cha m'buku lathu la kusukulu. Ndinagwirapo mawu awiri okha. Nthawi iliyonse akaima, ine ndinkavomera. Ndinavomera katatu, iye analemba, mlandu unatha. Nditatuluka, womasulira ananditsatira n'kuti, “Aphunzitsi, kodi mukudziwa chimene mwavomera? Mwanena kuti kwanu kulibe wofuna mfutiyi, itsale kuno.” Posakhalitsa Bwanayo anadutsa pakhonde, n'kundiuza m'chinenero chathu chomveka bwino kuti, “Ukadzabweranso, udzalankhule monga umalankhulira ndi amayi ako.” Abale anandiseka mpaka masika. Lero ndimaseka nawo, poti mfutiyo inali yobooka kale ndipo mwina ikadatipweteka. Koma iwe, Elube, zako si za mfuti yakutha. Chizungu chako cha pamishoni ukachisiye panja. Ukadikire womasulira amalize. Ngati sunamve, ukati, “Pepani, mubwerezenso.” Palibe amamangidwa chifukwa chofunsa.

Ukadye usanapite kubwalo. Anthu amakhala pansi pa mitengo kuyambira m'mawa, ndipo dzina likhoza kuitanidwa dzuwa litapendeka. Munthu wanjala amapsa mtima msanga, kapena amavomera chilichonse kuti apite. Amayi ako akuotchera mbatata ndipo akazinga mtedza. Ukalowa ukagwade monga timachitira, koma akati ima, ukaime, ndipo ukakweze mawu. Mawu ako aja olankhulira pansi ndi okoma pakhomo pano, koma womasulira sangamasulire chimene sanamve. Akakupatsa Buku kuti ulumbire, usakanjenjemere, ndi lomwe lija umawerengera agogo a m'mudzi muno Lamulungu. Akakupatsa pepala loti udindepo chala, ukapemphe kuti ayambe akuwerengera, kenaka ukalembe dzina lako ndi dzanja lako.

Tsono pali zina zimene ukafunsidwe zoti suzidziwa. Akakufunsa za moyo wa amuna ako ku Halale, yankho ndi lakuti, “Sindidziwa, sindinaliko.” Mawu amenewa sachepetsa munthu. Ukanene chimene unaona ndi maso ako ndi chimene chinakuchitikira iwe. Zomva m'maluwa zimene amayi a pachitsime akhala akukuuza mwezi uno, uzisiye pachitsime pomwepo.

Azakhali akowo, amene ukagoneko, anafedwa amuna iwe usanabadwe. Ndikuuza nkhani yawo, koma usakawafunse. Pogawa za malemu panabuka mkangano wa mbuzi ndi abale a amuna awo, nkhani n'kufika pabwalo. Mlongo wangayo anali ndi zifukwa zomveka ndipo akadapambana ndi mawu ochepa. Koma ataona khamu la anthu, zonse zimene anasunga mumtima zinasefukira. Ananena za mowa wa amuna awo, za akazi a kumbali, za tsiku limene anamenyedwa. Zonse zinali zoona. Mbuzi anapatsidwa. Koma mwana wawo wamwamuna anali atakhala kumbuyo kwa anthu, akumva. Kuyambira pamenepo anzake ankamutcha mwana wa chidakwa, ndipo atakula anapita ku Joni osatsazika. Tsiku lina mlongo wanga anandiuza kuti, “Achimwene, mbuzi zija zinatha ndi chaka chimodzi, koma mawu aja mpaka lero akudyabe m'munda mwanga.” Gideoni atsala kuno ndi ife, sakamva ndi makutu ake. Koma zonenedwa pa Boma zimafika kumudzi mwini wake asanafike. A Yotamu anakulakwira, ine ndikudziwa, ndipo ndinakuona ukulima wekha zaka zonsezi. Komabe Gideoni bambo wake ndi yemweyo, alibe wina. Ukamusiyire dzina loti azitha kulitchula pagulu.

Za alamu ako a Sandalamu, ndamva ukuwatchula kuti ndi adyera. Taganiza pang'ono. Mwa mwambo wathu, katundu wa mwamuna amabwerera kwa abale ake, ndipo iwo akutsata chimene anachipeza. Sakuba. Kumbukiranso kuti makolo awo atamwalira, ndi iwo analera a Yotamu, ndipo denga la nyumba yako litagwa ndi mvula ija, anabwera okha ndi mitolo ya udzu, osawaitana. Mng'ono wanga atamwalira, ine ndinakangana ndi mkazi wake chifukwa cha chipewa chakutha, choti sichikadagulidwa ndi dzira lomwe. Anthu ankadabwa. Chimene sindinathe kuwauza n'chakuti chipewacho chinkanunkhira mng'ono wanga. Mwina a Sandalamu akufuna njinga kuti azipita nayo ku msika wa fodya, mwinanso akungofuna kugwira chimene m'bale wawo anagwira. Sitingadziwe. Ukawapeza pansi pa mitengo paja, ukayambe ndiwe kupita kukawalonjera. Ukawauze kuti Gideoni ali bwino ndipo wayamba kulemba dzina lake pansi. Bwana adzasamutsidwa n'kupita kwina, koma a Sandalamu tidzakumana nawo pa maliro ndi pa maukwati mpaka kufa.

Tsopano ndifike pamene pakukuwawa kwenikweni. Sunanene, koma chibwerere mesenjala uja sunadye bwino. Atsibweni ako anamuona mayi wa ku Halaleyo pamene anapita kukafunsa tsiku la mlandu. Akuti ndi wamng'ono kwa iwe, woonda, ndipo chinenero chathu amachidziwa chapatalipatali. Akugona kwa mkazi wa mesenjala wina amene anamumvera chisoni. Atamufunsa anati a Yotamu sanamuuze kuti kwawo anasiya banja, ankangoti adzapita naye kwawo akadzachira. Kwawo kwa mayiyo anamukana chifukwa chokwatiwa ndi mlendo. Kamwanako, a Filimoni akuti sungafunse kuti n'ka yani, mphumi ndi makutu ndi za Gideoni.

Iwe sudziwa bwino za ulendo wanga wa ku Halale, chifukwa sindiukamba kawirikawiri. Ndinapita ndisanakwatire amayi ako, wapansi, ndi anzanga a kwa Kabudula. Ndinalembedwa ntchito pa famu ina, ndipo m'nyengo yozizira ndinadwala chifuwa choopsa. Anzanga ankapita kuntchito m'mawa n'kundisiya m'kanyumba ka udzu, mwini famu n'kundichotsa pa chakudya poti sindinkagwira ntchito. Panali mayi wina wa komweko, wachikulire, amene ankadutsa ndi nkhuni. Anamva kutsokomola, anasuzumira. Madzulo ake anabwera ndi phala la mawere m'chikho. Sitinkamvana chinenero. Iye ankangondidzutsa, kunditsamiritsa pakhoma, n'kumandimwetsa ngati khanda. Anachita zimenezi mpaka ndinaima. Dzina lake sindinalidziwe, ndipo ndinalibe choti n'kumupatsa. Pochoka ndinangoomba m'manja, iye n'kuseka. Chikhala kuti mayi ameneyo anapitirira ndi nkhuni zake, bwenzi iwe kulibe, Gideoni kulibe.

Sindikunena kuti nkhani ziwirizi n'zofanana. Uyu anatenga malo ako, ngakhale sankadziwa kuti ndi malo a munthu. Koma munthu wodwalira kuchilendo ndimamudziwa. Pamene a Yotamu ankavutika kupuma, panali wina amene ankawatembenuza, kuwachapira, ndipo pomaliza anawatseka maso. Ntchito imeneyo ikadakhala yako ukadakhala pafupi. Iye anaigwira. Akadathanso kugulitsa katunduyo komweko n'kusowa, palibe akadamufunsa. M'malo mwake wayenda ulendo wonsewo ndi mwana kumsana kudzafuna abale a mwamuna wake. Pabwalo usakamutche dzina loipa, ngakhale ena atayamba. Ukamutche “mayi awa.” Ndipo ngati mtima ukakulola, mlandu ukatha ukamufunse mmene amuna ako anafera ndi kumene anaikidwa. Ndi yekhayo padziko pano amene angakuuze, ndipo Gideoni adzakufunsa akadzakula.

Za makina osokera ndizo zandisowetsa mtendere, ndipo ndikuuza zoona, sindidziwa chilungamo chake. A Yotamu pochoka anakulonjeza makina, ine ndili pomwepo, poti ankadziwa kuti kumishoni unaphunzira kusoka. Koma a Filimoni amva kuti pamene malemu anagona osagwira ntchito, mayiyo ndiye ankasoka ndi makinawo kuti apeze chakudya cha m'nyumba. Ndiye iwe uli ndi lonjezo, iye ali ndi thukuta. M'mawa uno ndinauza amayi ako kuti mwina ndikulangize ungowasiya.

Anaika lichero pansi n'kuti, “Inu, musamuphunzitse mwana kugonja. Kodi Gideoni avala chifundo chanucho?”

Ndinati, “Nanga kamwana kenako?”

Iwo anati, “Kali ndi mayi ake, akanene okha. Elube akanene zake. Woweruza alipo, si inu.”

Ndaganiza, ndipo ndaona kuti amayi ako akhoza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bwana sangalote chimene ukufuna. Ukanene momveka kuti, “Ine ndine mkazi wa ukwati, ndalera mwana ndekha, ndimadziwa kusoka, ndikupempha makina kuti mwanayu avale ndi kuphunzira.” Usakachite manyazi, ndipo usakapepese popempha. Atsibweni ako akachitira umboni za ukwati ndi za lonjezo lija. Koma ukatha kunena, ukakhale pansi n'kumvetsera enawo mpaka amalize, osawadula, osapukusa mutu, osatsonya. Tsonyo lako lija ndimalidziwa, unatengera amayi ako.

Uli m'njira, pakati pa Mpingu ndi Njewa pamene msewu umatalika, ukadzifunse kuti n'chiyani chimene sungabwerere kuno osachitenga. Kwa ine n'chimodzi: Boma limve ndi kulemba kuti iwe unali mkazi wa a Yotamu ndipo Gideoni ndi mwana wawo. Zinazo ndi zitsulo ndi nsalu. Ukapatsidwa makina, tidzakondwa, ndipo ndaona kale malo ake pakhonde pano pamene pamawala bwino m'mawa. Akapatsidwa wina, ukaombe m'manja, ukathokoze bwalo, ukatuluke mutu uli m'mwamba. Usakalire pamaso pa anthu amene akungofuna nkhani yokakamba. Ukalire pa Mpingu, azakhali ako amadziwa kutonthoza.

Ndikutero chifukwa sukuchokera pakhomo pa njala. Tayang'ana chaka chino. Nkhokwe zonse zadzaza mpaka chimanga china tachisanja padenga. Fodya wa mlongo wako wapsa bwino m'chigafa. Mbuzi yako yamawanga ija yaswa mapasa. Ine ndakalamba ndikuona ana amene ndinawaphunzitsa a, e, i akuwerenga okha m'tchalitchi, ndipo madzulo mdzukulu wanga amandibweretsera ndodo ndisanamutume. Sindinasowe kanthu kamene munthu angakalirire kwa Mulungu. Pamene tinamva za imfa ija ndinkaopa kuti udzafota, koma ndakuona ukudzuka, ukupalira, ukuyambanso kuimba potsuka mbale. Munthu wotere Bwana sangamupatse ulemu kapena kumulanda, anabwera nawo kale. Ukalankhule ngati munthu amene ali ndi kwawo kobwerera.

Za Gideoni usadere nkhawa. Wandiuza kuti agona ndi ine kuti andilondere afisi. Chifuwa chake chija chatha, ndipo amayi ako sadzamulola kupita kumtsinje m'mawa kukuzizira. Pobwera, ukapeza malole a fodya obwerera opanda katundu, atsibweni ako akapemphe malo. Ngati njinga kapena makina zili zako, musakayese kusenza wapansi.

Ndinafuna kulekera pomwepa, koma pali chimene ndaona tsopano lino. Ndinaimirira kuti ndiwongole bondo, n'kuona utsi ukutuluka m'kanyumba kaja ka malemu agogo ako, kamene takhala tikusungiramo maungu. Nditapita ndinapeza amayi ako atatulutsa maungu onse panja, asonkha moto wothamangitsa nsikidzi, ali chogwada akuzira pansi.

Ndinafunsa kuti, “Kodi mukuzirira yani?”

Anati, “Nyumba yopanda munthu imagwa.”

Ndinaima pakhomo osachoka. Anapitiriza kuzira mpaka kukafika pangodya, kenaka osatembenuka anati, “Mayi ujatu kwawo anamukana, eti? Ndiye mlandu ukatha alowera kuti ndi mwana? Kamwanako ndi kamlongo kake ka Gideoni. Kakakulira m'misewu ya pa Boma, ife tili ndi chimanga padenga, anthu adzati chiyani?”

Ndinati, “Si inu munati Elube asagonje?”

Anati, “Pa makina asagonje. Izi n'zina. Koma musalembe m'pepala lanulo, mungamulemetse mwana. Mwini wake ndiye adziwa.”

Ndalemba ndithu, ndipo ukabwera udzandiikire kumbuyo kwa amayi ako. Sitikukutuma, mwana wanga. Bala ndi lako, ndipo palibe pakhomo pano amene adzakufunse ukabwera ndi atsibweni ako okha. Maungu tidzangowabwezeramo. Ndangofuna udziwe kuti ngati mlandu utatha udzayang'ana mayi uja ndi kamwana kake n'kumva kuti sungathe kuwasiya pansi pa mtengo, usakayambe kudera nkhawa kuti kwanu akanena chiyani. Kwanu anazira kale.

Ndakuona ukukwera chitunda ndi zochapa pamutu, ndileke. Mulungu akutsogolere popita, akupatse mawu pabwalo, akubwezere kwa ife.

Ndine bambo ako,
Eliya